Maravi yanga yagwa mu 1512: ndiyambirenso kapena ndisankhe dziko lalikulu?

Kondwani (Chikanda): Abale, ndithandizeni maganizo. Kwa masabata atatu ndakhala ndikusewera Europa Universalis IV, gemu ya pakompyuta yolamulira mayiko a m'mbiri, ndi dziko la Maravi, ndipo usiku wathawu zonse zathera m'madzi. Ndinayamba bwinobwino mu 1444, ndinagonjetsa Lundu, kenako Tumbuka, n'kutsikira kwa Amakua. Pofika 1495 dera lonse la kumpoto kwa Zambezi linali m'manja mwanga. Ndiye mtima unandikokera kugombe, ndinkafuna doko langalanga, ndipo pa nkhondo ziwiri zotsatizana ndinalanda zigawo zisanu ndi zinayi. Sipanapite nthawi, mayiko a m'mbali mwa nyanja yamchere anandipangira coalition, mgwirizano wondithira nkhondo onse pamodzi, Kilwa ali patsogolo. Asilikali anatha, ndinalemba aganyu, ngongole zinafika khumi ndi ziwiri, zigawenga n'kuwukira kumudzi. Pano ndi 1512, ndatsala ndi zigawo zinayi. Zikundiwawa kwambiri chifukwa dzikoli ndinalisankha dala, ndi kwathu. Ndiyambirenso, kapena ndiyambe ndaphunzira ndi France kapena Ottoman, ufumu waukulu uja wa ku Turkey?

Mphatso (Matawale): Pepa aise. Koma usathawire ku France. Kumeneko ukalakwitsa sudziwa n'komwe kuti walakwitsa, chifukwa ndalama ndi asilikali zimakwirira zolakwa zako. Funso loyamba: usanasainire mtendere unkayang'ana kuti aggressive expansion (AE), nambala yosonyeza mmene anansi akukwiyira ukamalanda malo, ikwera bwanji?

Kondwani (Chikanda): Ndinkaona manambala ofiira aja koma ndinkati ndikhala nditakula kale asanaganize zondiukira.

Mphatso (Matawale): Pamenepo ndi pomwe panaphulikira. Dziko lililonse limene AE yake pa iwe yafika 50, ndipo silikukuonera kukondwa, likhoza kulowa mu coalition. Akakwana anayi ndiye kuti ayamba. Pa tsamba lokambirana mtendere pali kachizindikiro kamene kamakuonetsa mayina a amene alowe ukatenga zimene wasankhazo. Ine ndikaona mayina atatu ndimachotsa chigawo chimodzi, ngakhale chikhale chonona bwanji. Ndipo akazembe ako asamakhale chete ngakhale mwezi umodzi, azikhala ali kwa anansi kukonza ubale. Dziko limene limakukonda silingalowe mu coalition ngakhale nambala itadutsa 50.

Chachiwiri, si chilichonse chomwe uyenera kumeza. Tumbuka ukanamusiya akhale mfumu ya pansi pako, azikupatsa msonkho ndi kumenya nkhondo kumbali yako, n'kudzamulowetsa m'dziko lako pakatha zaka khumi. Mapointi a ulamuliro amene ukanawononga pokhazikitsa zigawozo ukanagulira luso, ndiye kuti tekinoloje ya dziko lako.

Yamikani (Chinamwali): Kondwani, bwera ku Byzantium, ufumu wa ku Constantinople, udzaone mavuto enieni. Maravi ili pabwino, ilibe chilombo pakhomo. Ine ndayambirapo kasanu ndi kawiri. Gemu imayamba pa 11 November 1444, tsiku limodzi chichitikire nkhondo ya ku Varna pomwe Ottoman anaphwanya gulu la nkhondo la Akhristu n'kupha mfumu ya Poland ndi Hungary. Ndiye iwe uli mu Constantinople, mdani wakuzinga mbali zonse, amene akanakuthandiza angogonja dzulo lake. M'mbiri yeniyeni mzindawu unagwa pa 29 May 1453, Mehmed II atauzinga kwa masiku 53. Tsiku limene ndinadutsa 1453 mzinda uli chiimire ndinadzuka pampando n'kutuluka panja kukapuma mpweya, manja akunjenjemera. Chimenecho France sangakupatse.

Dalitso (Sadzi): Unapulumuka bwanji man? Ine ndinayesa kamodzi, zaka zisanu sizinakwane.

Yamikani (Chinamwali): Zombo. Ndinakongola ndalama n'kupanga zombo zopalasa zambiri kuposa zawo, ndipo ndinadikira mpaka asilikali awo atawolokera ku Anatolia kukamenyana ndi timayiko ta kumeneko. Nkhondo ya pamtunda ndinkaipewa, ndinkangozinga malinga. Koma kunena zoona mwayi umafunikanso. Maulendo asanu ndi limodzi oyamba aja ndinkachita zomwezi koma iwo ankatembenuka msanga.

Tadala (Chirunga): Achimwene a Yamikani, Byzantium ndi yovuta inde, koma mavuto ake ndi a zaka makumi awiri zoyambirira. Mukapulumuka, Italy ali pafupi, Renaissance, kutsitsimuka kwa maphunziro ndi zaluso ku Ulaya, imakufikani yokha. Vuto la Maravi limabwera mochedwa ndipo silichita phokoso. Renaissance imabadwira ku Italy cha m'ma 1450, Colonialism (utsamunda) cha m'ma 1500, makina osindikizira mabuku cha m'ma 1550, zonsezo, zimene gemu imazitcha ma institution, kutali ndi ife. Pamene simunazilandire, luso lililonse mumaligula modula kuposa Mzungu. Mumakhala mukudziona wamphamvu pakati pa anansi anu, kenako zombo za Apwitikizi zimatulukira asilikali awo ali patsogolo ndi masitepe anayi kapena asanu. Kondwani, pamene coalition inkakumenya luso lako la nkhondo linali pa chiyani poyerekeza ndi Kilwa?

Kondwani (Chikanda): Anandiposa ndi awiri. Mapointi a nkhondo ndinkawathera pa kupondereza zigawenga.

Tadala (Chirunga): Ndiye ngakhale popanda coalition ukanavutikabe. Ine ndi Maravi ndinafika 1821, ndipo chimene ndinachita ndi ichi. Kuyambira tsiku loyamba chidwi cha mfumu ndinachiika pa mapointi a nkhondo mpaka nditafika pa sitepe 4, chifukwa pamenepo asilikali amalimba mtima ndipo amamenya mwadongosolo kuposa a pa 3. Kenako ndinasankha chigawo chimodzi cha nthaka yabwino n'kumathira mapointi onse otsala pochitukula. Ukamatukula chigawo chimodzi mobwerezabwereza, institution imamera pomwepo osadikira kuti ichoke ku Ulaya. Zimadya mapointi ochuluka zedi ndipo kwa zaka zingapo umaoneka ngati waima, anzako akukula. Koma ikamera, chigawocho chimasanduka mzinda waukulu, ndipo anansi ako onse amatsalira kumbuyo kwako.

Komanso nkhondo uzisankhira wekha malo. Wokuukira uli paphiri amachotseredwa 2 pa mayere a nkhondo, pa zitunda kapena m'nkhalango 1, akawoloka mtsinje 1 winanso. Linga ulimange pamalo otero. Mdani akalizinga iwe n'kumupeza pomwepo, gemu imamuwerengera iyeyo ngati woukira. Asilikali 12,000 akhoza kuthamangitsa 20,000 mwa njira imeneyi.

Mphatso (Matawale): Achemwali anena zoona. Ndiwonjezere za golide wa ku Mutapa, ufumu wa kumwera kwa Zambezi: ndi wokoma koma akachuluka pa ndalama zimene dziko limapeza, mitengo ya zinthu imayamba kukwera chaka ndi chaka. Ukamutenga ufunefune mlangizi wochepetsa kukwera kwa mitengoko.

Dalitso (Sadzi): Funso la pambali. Laputopu yanga ndi yakale, RAM ndi 8. Ikhoza kukoka? Ndipo magetsi akazima pakati pa Ironman, kaseweredwe kaja kosalola kubwerera ku save yakale, zimatha bwanji?

Mphatso (Matawale): Ikoka, gemuyi ndi ya 2013. Imayamba kulemera m'zaka za m'ma 1600 mayiko akachulukitsa asilikali. Ironman imaseva yokha pafupipafupi, ndiye sutaya zambiri, koma batire ikakhala yakufa usamasewere nthawi imene magetsi amakonda kuzima kwanuko. Europa Universalis V imene inatuluka mu 2025, yoyambira mu 1337, imeneyo ndiye imafuna makina amphamvu, usayese n'komwe.

A Chisale (Domasi): Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine gemuyi ndinaidziwira kwa mdzukulu wanga ndipo ndimasewera pang'onopang'ono Loweruka, koma mbiri ndaphunzitsa zaka zambiri. Kondwani, chimene chakuchitikira chili ndi mnzake m'mbiri ya Amaravi enieniwo, ndipo mwina chikutonthoza.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600 kunali mfumu yotchedwa Muzura. Akatswiri a mbiri amatsutsana ngati iyeyu anali Kalonga weniweni kapena mtsogoleri wina amene anadzikuza ndi nkhondo, koma zochita zake zinalembedwa ndi Apwitikizi. Mu 1608 anatumiza ankhondo 4,000 kutsidya la Zambezi kukathandiza Apwitikizi amene ankateteza Gatsi Rusere, mfumu ya Mutapa, kwa omuukira. Mu 1616 Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, anachoka ku Tete wapansi kupita ku Kilwa, ndipo anachereredwa kwa Muzura. Mu 1622 Apwitikizi anabweza chithandizo chija pomuthandiza kugonjetsa Lundu wa ku chigwa cha Shire. Taonani kudekha kwake: zaka khumi ndi zinayi akusunga ubale ndi anthu amene sankawakhulupirira, mpaka atapeza chimene ankafuna. Koma Gatsi Rusere atamwalira, Muzura anawoloka Zambezi kukalanda dziko la golide, ndipo anabwezedwa. Pambuyo pake anatembenukira Apwitikizi omwewo cha ku Quelimane, osaphulanso kanthu. Kumpoto kwa mtsinje anali wamphamvu. Golide ndi gombe ndi zimene zinamukanika, monga iwe.

Kondwani (Chikanda): Zikomo kwambiri aphunzitsi. Dzina la Muzura ndinalimvapo ku sekondale koma sindinkadziwa kuti anagwirizanapo ndi Apwitikizi. Kunena zoona zandikhumudwitsa pang'ono. Ine ndinasankha Maravi kuti ndidzawathamangitse Apwitikiziwo, osati kugwirana nawo chanza.

Yamikani (Chinamwali): Koma dziko laling'ono lilibe ufulu wosankha abwenzi chifukwa chowakonda. Ine ku Byzantium ndimapempha aliyense amene amadana ndi Ottoman, ngakhale amene ndikudziwa kuti mawa adzandilanda zilumba.

Kondwani (Chikanda): Pa gemu ndikumva. Koma uyu anali munthu weniweni, ndipo amene Muzura anamugonjetsa ndi mfuti za alendo anali Lundu, m'bale wake wa fuko la Phiri lomwelo.

A Chisale (Domasi): Kukhumudwa kwako n'koyenera, usakutaye. Koma uganizirenso kuti Muzura sankadziwa zimene ife tikudziwa. Kwa iye Apwitikizi a ku Tete ndi Sena anali kagulu ka amalonda okhala ndi mfuti, ochepa kwambiri, odwaladwala malungo, amene ankapereka mphatso kwa mafumu kuti aloledwe kudutsa. Lundu ndiye anali chiopsezo cha pafupi, chifukwa ankatsekereza njira ya minyanga yopita kunyanja. Ife timaona 1891 ndi ulamuliro wa atsamunda kumapeto kwa msewu, mzinda wathu uno wa Zomba n'kukhala likulu lawo. Iye ankaona chaka chamawa basi. Pa gemu paja inu mumadziwa kuti Vasco da Gama afika ku Mozambique mu 1498, mumadziwa kuti Francisco de Almeida aphwanya Kilwa mu 1505, mumakonzekera zaka makumi asanu zisanachitike. Palibe mfumu inakhalapo ndi mwayi umenewo. Ndiye pamene mukuwaweruza makolowo muzikumbukira kuti inu mukusewera mutaona kale mayankho.

Ndipo Portugal yomweyo inali dziko laling'ono, anthu ake panthawiyo anali pafupifupi miliyoni imodzi yokha. Kukula kwa dziko pamapu si kumene kunkapambanitsa.

Tadala (Chirunga): Aphunzitsi, pamenepa ndi pomwe ine gemuyi imandisowetsa mtendere ngakhale ndimaikonda. Ndinasangalala kwambiri nditaona kuti pa zipembedzo za makolo anaikapo Mlira, dzina lenileni la mwambo wa Kalonga ku Mankhamba. Wina wake ku Sweden anakhala pansi n'kuwerenga za ife. Koma ufumu umayenda ngati wa ku Ulaya: mfumu, mkazi wake, mwana wawo n'kulowa. Kwathu sizinali choncho. Ufumu unkadzera kwa amayi, wolowa ankachokera mwa Nyangu, mwana wa mlongo osati mwana wobereka mfumu. Ndipo mphamvu sizinali kwa Kalonga yekha. A Banda anali eni nthaka ndi mvula, Makewana ku Msinja, kachisi wa Mbona ku Khulubvi. Pa gemu zonsezi palibe, pali munthu mmodzi wokhala ndi manambala atatu, kuyambira 0 mpaka 6. Ndiye ndikamasewera Maravi nthawi zina ndimamva ngati ndikusewera dziko la ku Ulaya lovala dzina lathu.

Ndipo njira yokhayo yopulumukira ndi kulandira ma institution amene pafupifupi onse amabadwira ku Ulaya. Gemu ikukuuza kuti kutukuka ndi kufanana ndi iwowo.

Mphatso (Matawale): Apa ndikutsutsani pang'ono achemwali. Dzina lake lenilenilo ndi Europa, sanabise. Ndipo ena mwa ma institution amatha kubadwira kwina. Global Trade ya m'ma 1600 imabadwira kumene kuli msika wolemera kuposa yonse padziko, ndipo anthu anaikokerapo ku Asia. Komanso kale zinali zoipa kuposa pano. Mu gemu yoyambirira ya 2013 pakati pa Africa panali popanda kanthu, malo osalowamo munthu. Maravi, Lundu, Tumbuka, Luba, Lunda, Buganda anawonjezedwa mu 2016. Ine ndimaona kuti kulipo n'kwabwino kusiyana ndi kusakhalapo.

Tadala (Chirunga): Sindikukana kuti kulipo n'kwabwino. Ndikunena kuti tisamaphunzire mbiri yathu kuchokera mmenemo. Mng'ono wanga wa Fomu 2 anandiuza tsiku lina kuti Amaravi anali osauka chifukwa pa gemu zigawo zawo n'zosatukuka. Ndinachita kumuuza za zimene Pulofesa Yusuf Juwayeyi anafukula ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka: mikanda yagalasi yochokera kutsidya la nyanja, mapale a mbale za ku China, zinthu za mkuwa, minyanga yosemedwa. Anthu amenewo anali pa malonda ofika kutali.

Ndipo pali china chimene chimandivuta kwambiri. Pa zinthu zamalonda za zigawo zina za Africa pamalembedwa akapolo, pali mtengo wake, pafupi ndi minyanga ndi nsomba. Ukalanda chigawo choterocho ndalama zimalowa m'thumba lako mwezi ndi mwezi. Njira ya ku Kilwa imene aphunzitsi atchula ija ndi yomwe pambuyo pake inadutsa anthu athu atamangidwa magoli, ochokera ku Nkhotakota ndi kumwera kwa nyanja kuno. Ine ndikafika pamenepo dzanja limalemera.

Yamikani (Chinamwali): Komatu akanachotsa bwenzi tikunena kuti abisa mbiri.

Tadala (Chirunga): Sindikufuna achotse. Ndikufuna chigawo chimene chikugulitsa anthu chizichepa anthu, midzi izitha, anansi azikuda. Pano chimangopereka ndalama ngati munda wa thonje. Chiganizo chothetsa ukapolo chilipo koma chimabwera kumapeto kwenikweni.

A Chisale (Domasi): Mwana wanga Tadala, mfundo yako ndi yolemera ndipo sindiichepetsa. Ndingowonjeza kuti ngakhale kufooka kwa ufumu wa Maravi gemu singakuonetse bwino. Sunagwe ndi nkhondo imodzi. Undi anapita kumadzulo n'kukhala payekha, Lundu kumwera chimodzimodzi, mafumu ang'onoang'ono anayamba kugulitsa minyanga mwachindunji kwa amalonda osadzera kwa Kalonga, ndipo msonkho utasiya kufika ku likulu ufumu unatsala dzina. Pamene Angoni ankafika m'zaka za m'ma 1800 anapeza nyumba yogawanika kale. Pamapu a gemu dziko limakhala la mtundu umodzi, malire ali gwa. Ufumu weniweniwo unali maubale, maukwati, mphatso ndi miyambo, zinthu zofuna kuzidyetsa chaka ndi chaka. Amene akufuna kuwerenga zambiri, National Archives ili konkuno ku Zomba, ndipo laibulale ya ku Chirunga ili ndi gawo la mabuku a za Malawi. Ambiri a inu mumadutsa pakhomo pake tsiku lililonse.

Dalitso (Sadzi): Ine ndiye ndaphunzira zambiri kuposa zimene ndinafunsa. Koma kwa woyamba kumene ngati ine, dziko laling'ono losavuta ndi liti? Maravi ndikuiopa tsopano.

Mphatso (Matawale): Yamba ndi Portugal, ndi yaing'ono koma Castile ukapanga naye ubale palibe wokuvutitsa. Ukazolowera pita ku Brandenburg uphunzire kuyenda pakati pa timayiko tambirimbiri ta ku Germany, kumene AE imakwera msanga kwambiri. Granada, Navarra ndi Albania uzisiye kaye. Albania ili ndi Skanderbeg, mtsogoleri wa nkhondo woopsa, koma akangomwalira umatsala wekha ndi Ottoman. Ukapanda mano usamaswe phale.

Yamikani (Chinamwali): Ndipo Ryukyu usaiyandikire. Pali anthu amene amagonjetsa dziko lonse lapansi ndi tizilumba timeneto, koma amenewo anathera maola masauzande.

Kondwani (Chikanda): Ndabweranso patatha masiku anayi. Sindinayambirenso. Ndinaganiza zoti Amaravi enieniwo analibe batani loyambiranso, ndiye ndinatsegula save yomwe ija ya zigawo zinayi. Ndinalengeza kuti boma lalephera kubweza ngongole nthawi ya pangano la mtendere isanathe, kuti zaka zisanu zofooka zija zidutse wina asanaloledwe kundiukira. Ndinachotsa aganyu onse, ndinagwetsa linga limodzi lomwe linkangodya ndalama n'kusiya la paphiri. Akazembe awiri akhala ku Kilwa ndi ku Mutapa osabwerako. Mutapa, yemwe ndinkamuona ngati nyama yanga, pano ndi bwenzi langa, ndipo ndakwatitsako. Mapointi onse akupita ku chigawo cha likulu monga ananenera a Tadala, Renaissance yafika pa 71 pa 100. Pano ndi 1534, zigawo zakwana zisanu ndi ziwiri, ndabweza zitatu kwa Amakua popanda wina kudandaula.

Koma Apwitikizi afika. Alanda Sofala ndipo akumenyana ndi Kilwa, yemwe asilikali ake atha. Ndikhoza kulowa pano n'kubweza zigawo zanga zonse kwa Kilwa ali chogona, kapena kumusiya kuti akhale chotchinga pakati pa ine ndi Apwitikizi. Ndaimitsa gemu pamenepo kuyambira dzulo.

Mphatso (Matawale): Lowa, koma utenge zako zokha zimene zili kale ndi dzina lako, AE yake ndi yochepa. Doko limodzi likukwanira.

Tadala (Chirunga): Ine ndikanadikira Renaissance ithe kaye. Ukakhudza gombe lero ndiye kuti mawa ukugawana malire ndi Portugal uli kumbuyo pa luso. Kilwa wofooka ndi wabwino kwa iwe kuposa Kilwa wakufa. Luso lako la nkhondo lili pa chiyani, ndipo la Apwitikizi lili pa chiyani?

Kondwani (Chikanda): Ine 8, iwo 11.

Tadala (Chirunga): Usalowe. Bweretsa laputopuyo Loweruka masana ku Chirunga, tikakhale pansi pa mitengo kuseri kwa laibulale tione limodzi mapu a malonda a Zambezi ndi Zanzibar. Mwina pali njira yopezera ndalama za mizinga osakhudza gombe.

A Chisale (Domasi): Ngati minibasi ipezeka msanga ndidzakupezani cha m'ma 2 koloko. Ndidzatenga mapu anga akale a ulendo wa Bocarro kuti tidzayerekeze ndi a pa gemuwo, ndikufuna ndione ngati anaika Mankhamba pamalo pake.

Kondwani (Chikanda): Zikomo aphunzitsi, tidzakudikirani. Gemu ikhala chiimire pa March 1534 mpaka Loweruka. Dalitso, nawenso ubwere ndi yakoyo tidzakuyambitsire Portugal.